Kalata ya ku Los Angeles: Munthu Amene Anaitana Kamuzu

Okondedwa Amalume,

Ine kuno ku Los Angeles ndili bwino. Mdzukulu wanu akundisunga mokoma, ngakhale ntchito yake ya unamwino imamudyera usiku wambiri. Kuno ndi kutali, amalume. Nthawi imene inu mukuweruka ku chigafa dzuwa litapendeka, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, kuno kumakhala kukungocha kumene, poti tinasiyana maola 9. Foni ilipo, koma nkhani imene ndili nayoyi si ya pa foni ayi. Ndafuna muikhalire pansi, muiwerenge mofatsa, mwinanso muwawerengere akuluakulu anzanu amene anaona ndi maso zimene ine ndinangomva ndi kuwerenga.

Loweruka lapitali mdzukulu wanu ananditengera ku sukulu ya ukachenjede yotchedwa California State University, Los Angeles. Ili pachitunda chakum'mawa kwa mzinda, ndipo m'munsi mwake mwadutsa misewu ikuluikulu imene magalimoto ake saduka usana ndi usiku. Mitengo ya jakaranda, yomwe ija kwathu imachita maluwa m'chilimwe, kuno ikuchita maluwa tsopano lino, ndipo m'misewu ya mzindawu pansi pangoti mbwee maluwa ake. Ophunzira ambiri pasukulupo ndi ana a anthu ochokera ku Mexico ndi maiko a kum'mwera kwake. Ankadutsa akuseka, zikwama kumsana, ena akulankhula Chisipanishi. Ine ndinapeza benchi ndi kukhala. Mwanayo anandifunsa kuti, "Adadi, bwanji mwangoti duu?" Ndinamuuza kuti pasukulu imeneyi pankaphunzitsa Mmalawi wina, Henry Masauko Chipembere, ndipo anamwalirira mumzinda womwe uno pa 24 Seputembala 1975, ali ndi zaka 45 zokha. Iye ankalidziwa dzinalo ngati dzina la msewu waukulu wa ku Blantyre basi.

Inu mukukumbukira mmene dzina limeneli linkatchulidwira kwathu ku Kasungu tikukula. Linkatchulidwa monong'ona, apo ayi linkabwera limodzi ndi mawu akuti chigawenga. Mwana akalitchula mosazindikira, mayi ake ankamutseka pakamwa ndi kuyang'ana uku ndi uku. Ife a kwawo kwa Ngwazi tinkaona ngati munthuyu analakwira ifeyo mwachindunji, pakuti anautsira dzanja mwana wa m'mudzi mwathu. Chimene sitinkauzidwa n'chakuti Kamuzuyo anachita kuitanidwa, ndipo woitana wamkulu anali Chipembere yemweyo.

Anabadwira pafupi nafe, amalume, ku Kayoyo m'boma la Ntchisi, pa 5 Ogasiti 1930. Bambo ake, a Habil Chipembere, anali mtumiki wa mpingo wa Anglican, ndipo banja lawo linadzakhazikika ku Malindi, m'mbali mwa nyanja, m'boma limene nthawiyo linkatchedwa Fort Johnston, lero Mangochi. Mnyamatayu anaphunzira ku Blantyre Secondary School, kenako ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, n'kukatenga digiri ku Fort Hare ku South Africa. Masiku amenewo anthu akuda a digiri m'Nyasaland ankawerengeka ndi zala. Boma la atsamunda linamulemba ntchito yothandiza a DC, ntchito ya malipiro ndi ulemu. Akanafuna, akanakalambira momwemo.

Koma mu 1953 azungu anali atatikakamiza kulowa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chinthu chimene anthu ndi mafumu anachikana poyera, a Mwase athu a ku Kasungu ali m'gulu la otsogolera kukanako. Mu 1956 boma linalola kuti m'bwalo lopanga malamulo ku Zomba, lija ankati Legco, mulowe anthu akuda 5 osankhidwa ndi makhonsolo a m'zigawo. Chipembere anasiya ntchito ya m'boma, anapikisana nawo, ndipo analowa ali ndi zaka 25, pamodzi ndi Kanyama Chiume wa kumpoto.

Apa m'pamene pagona nkhani imene imandikoka mtima. Bwalo lija linali la azungu, wapampando wake ali Gavanala. Anthu akuda amene ankalowamo kale ankasankhidwa chifukwa cha kufatsa kwawo. Anyamata awiriwa sanapite kukathokoza. Ankafunsa mafunso osaleka: za malo amene anatengedwa, za malipiro a munthu wakuda poyerekeza ndi a mzungu pa ntchito imodzimodzi, za sukulu, za chitaganya. Mavoti awo sakanapambana, chifukwa anali ochepa. Koma zonse zolankhulidwa m'bwalomo zinkasindikizidwa m'buku la boma lotchedwa Hansard, ndipo bukuli, limene kale linkangodya fumbi, linayamba kugulidwa ngati nyuzipepala. Aphunzitsi ndi makalaliki ankapatsirana, wodziwa Chingerezi n'kumamasulira anzake madzulo. Boma lomwe linkasindikiza ndi ndalama zake mawu olitsutsa! Ine, ndi zaka zonse zimene ndagwira choko kuphunzitsa mbiri, ndimaona kuti imeneyi ndiyo inali ntchito yaikulu ya Chipembere, kuposa mfuti zimene anadzanyamula pambuyo pake. Anaonetsa munthu wamba kuti Gavanala angafunsidwe funso, ndipo thambo siligwa.

Vuto linali lakuti chipani cha Nyasaland African Congress chinali chofooka ndi chogawikana, ndipo anyamatawa ankadziwa kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangatsate ana a zaka za m'ma 20. Pankafunika munthu wa imvi, wophunzira kwambiri, wosadetsedwa ndi mikangano ya kuno. Ndiye Chipembere anayamba kulembera makalata Dr Hastings Kamuzu Banda, amene nthawiyo ankagwira ntchito ya udokotala ku Kumasi m'dziko la Ghana, atakhala kunja zaka zoposa 40. Sanabise chimene ankafuna: anthu akusowa mtsogoleri womuyang'ana ngati mpulumutsi, ndipo iwo anyamata adzagwira ntchito yomukweza kufikira atatero. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958. Mwezi wotsatira, pamsonkhano wa ku Nkhata Bay, anamupatsa utsogoleri wa chipani pamodzi ndi mphamvu yosankha yekha anthu a m'komiti yaikulu. Chipembere anakhala msungichuma, Dunduzu Chisiza mlembi wamkulu, Chiume wofalitsa nkhani. Anyamatawa ndiwo ankayenda patsogolo m'maboma kukonza misonkhano, kuuza anthu kuti akubwerayo si munthu wamba. Kamuzu ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira, koma anthu anali atakonzedwa kale mitima.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Pa 3 Malichi 1959 Gavanala Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 1,000 anamangidwa, ndipo oposa 50 anaphedwa, kuphatikizapo amene anaphedwa pa doko la Nkhata Bay. Kamuzu, Chipembere, Dunduzu Chisiza ndi mbale wake Yatuta anawatengera ku ndende ya Gwelo. Kamuzu anatuluka pa 1 Epulo 1960, koma Chipembere anamusunga mpaka Seputembala, poti azungu ankamuopa iyeyo kuposa wina aliyense. Atangotuluka, lilime lake linamubwezeranso m'ndende. Zimene analankhula pamisonkhano, makamaka ku Rumphi, zinamupezetsa mlandu woutsa mitima ya anthu, ndipo anakhala m'ndende ya Zomba mpaka Januwale 1963. Pa chisankho cha 1961 iye anali m'kati, ndipo amene analowa m'nyumba ya malamulo anali bambo ake, wansembe uja.

Sindifuna kumuyeretsa, amalume, chifukwa kutero kungakhale kubwereza bodza lomwe lija mbali inayo. Chipembere anali waukali. Munthu wotsutsana ndi chipani sankamuona ngati wosiyana naye maganizo, ankamuona ngati kapirikoni, wogulitsa dziko, ndipo mawu ake pamisonkhano ankapatsa anyamata mphamvu zozunza anthu otere. Pamene chipani cha Malawi Congress Party, cholowa m'malo mwa Nyasaland African Congress, chinkapatsa Kamuzu utsogoleri wake wamuyaya ku Nkhotakota mu 1960, anyamata onsewa anaombera m'manja. Anabzala mtengo wa mthunzi m'mbali mwa nazale, n'kumauthirira tsiku ndi tsiku, osaganiza kuti mbande zimene zidzayambe kufota pansi pake ndi iwo omwe.

Zimenezi zimandikumbutsa munthu wina wa ku France amene ndinkaphunzitsa ana za iye, Georges Danton. Anali loya, wa mawu ngati bingu, phungu wa nyumba ya malamulo imene inathetsa ufumu m'dzikomo mu 1792. Mu Malichi 1793 iye ndiye analimbikitsa aphungu anzake kukhazikitsa bwalo lapadera lozenga mwachangu milandu ya adani a boma latsopanolo. Patangotha chaka, atayamba kunena kuti kuphana kwakwana, bwalo lomwelo linamuweruza, ndipo anadulidwa mutu pa 5 Epulo 1794 pamodzi ndi mnzake Camille Desmoulins. Anali ndi zaka 34. Chipembere naye anali ndi zaka 34 pamene zake zinamutembenukira.

Ufulu unabwera pa 6 Julaye 1964, iye ali nduna ya maphunziro. Dunduzu anali atafa kale pa ngozi ya galimoto ku Thondwe mu 1962, ndipo ndiye ankatha kulankhula ndi mbali zonse. Pasanathe miyezi iwiri, nduna zinamukhalira pansi Kamuzu. Madandaulo awo sanali a mumlengalenga. Boma linali litalamula kuti wodwala azilipira tiki ku chipatala, pamene anthu ankayembekeza kuti ufulu uwapeputsira katundu. Malipiro a anthu akuda ogwira ntchito m'boma anakhudzidwa ndi lipoti la Skinner, pomwe maudindo akuluakulu anali akadali m'manja mwa azungu. Kamuzu ankagwirizana ndi Apwitikizi amene ankapondereza abale athu ku Mozambique. Ankasunga maunduna angapo yekha, ndipo pagulu ankatchula nduna zake kuti anyamata ake, anthu a mabanja awo ndi madigiri awo. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Kamuzu anaona kutsinako ngati chiwembu. Pa 7 Seputembala anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo awo pogwirizana ndi anzawowo.

Pa nthawi yonseyi Chipembere anali ku Canada pa ntchito ya boma. Iye sanachotsedwe. Anabwera n'kupeza mpando wake ulipo, galimoto yake ilipo, ndipo Kamuzu akanakonda kuti akhale, chifukwa anthu ankamukonda kwambiri. Anatula pansi udindo, ndipo pa 9 Seputembala anaimirira m'nyumba ya malamulo kuchokera ku mipando ya kumbuyo, aphungu ena akumukuwiza, n'kuikira kumbuyo anzake kuti anthu amene anamangidwa ndi kuzunzika chifukwa cha dziko lino sangasanduke ogulitsa dziko chifukwa cholangiza mtsogoleri wawo. Ndikaganiza za tsiku limenelo ndimaona phungu yemwe uja wa 1956, akuchita ntchito yomwe ija, kungoti pampando panali patakhala munthu amene iye mwini anamuitana. Kuchokera pamenepo mpaka 1993, nyumba ya malamulo ya dziko lathu sinamvenso mkangano wotere.

Zimene zinatsatira n'zachisoni, ndipo sindiziyamikira. Anabwerera ku Malindi, boma linamuletsa kuyenda, iye analowa m'tchire. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, ndi anthu pafupifupi 200, analanda boma la Fort Johnston, anatenga mfuti ku polisi, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni yowolotsa anthu pa Shire ili tsidya linalo. Nthawiyo mlatho kunalibe. Asilikali a boma anafika, gulu lija linabalalika. Amene analipira kwambiri ndi anthu wamba a ku Mangochi: midzi inatenthedwa, anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa n'kukatsekeredwa, ndipo Medson Silombela, mmodzi wa otsogolera nkhondoyo, ananyongedwa ku Zomba mu 1966. Chipembere, amene ankadwala kale matenda a shuga, anatulutsidwa m'dziko mobisa mu Epulo 1965 n'kubwera kuno ku California. Anakhalako ku Dar es Salaam kuyambira 1966, akuphunzitsa pa Kivukoni College, ndipo mu 1969 anabwereranso kuno. Malawi sanamuonenso. Yatuta anaphedwa mu 1967 akuyesa kulowa ndi mfuti cha ku Mwanza. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi ife alimi a fodya a ku Kasungu, amene sitinapite ku Liwonde kapena ku Zomba. Zikutikhudza pa nthaka imene mwapondapoyo. Inu nomwe munandiuza mmene m'zaka za m'ma 1970 minda ya makolo inkasandukira maesiteti, munthu kungodzuka n'kupeza zikhomo zakhomedwa m'munda mmene agogo ake anagona. Lamulo la mbewu zapadera, Special Crops Act, linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale ndi wowotcha m'mabani popanda chilolezo, ndipo zilolezozo zinkapita kwa eni maesiteti: makampani a Press, nduna, akuluakulu a chipani ndi a m'boma. Mlimi wa m'mudzi ankaloledwa fodya wa chikopa ndi mbewu zina, n'kumagulitsa ku ADMARC pa mtengo umene ADMARC yomweyo yakonza, ndipo phindu lake lambiri linkathandiza kukuza maesiteti aja. Anthu ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe ankabwera pa malole kudzakhala matenanti, kudya chimanga cha ngongole chaka chonse, kusoka fodya mpaka usiku ndi ana awo, ndipo podzawerengera pambuyo pa okushoni ena ankapezeka kuti atsala ndi ngongole. Mlimi wamba anadzaloledwa kulima bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Zaka zonsezo tinali ndi aphungu, ankapita ku Zomba, ankalandira malipiro. Ndani mwa iwo akanaimirira kufunsa kuti malo a anthu a kwa Chulu kapena kwa Wimbe akupita kuti? Aliyense ankadziwa chimene chinachitikira anthu amene anafunsa za tiki ya ku chipatala.

Ndikudziwa chimene mungandiyankhe, chifukwa munandiyankhapo kale pakhonde panu. Mudzati Kamuzu anamanga misewu, anasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975, anatiikira Kamuzu Academy pa Mtunthama mu 1981, pafupi ndi mtengo wa kachere umene iye anaphunzirirapo, ndipo feteleza ankapezeka. Mudzati munthu ankayenda usiku kuchokera ku Chamama mpaka pa boma popanda womugwira. Zonsezo n'zoona, ndipo ine sindibwera kudzagwetsa nyumba yake ya Nguru ya Nawambe. Sindikunenanso kuti Chipembere akanalamulira bwino koposa. Ukali wake uja ukanatha kupweteka anthu ambiri. Chimene ndikunena n'chakuti dziko linkafunika onse awiri m'nyumba imodzi, wina akulamula, wina akufunsa. Titathamangitsa ofunsawo, Kasungu yemwe, kwawo kwa mwini dziko, anataya malo ake ali chete. Ndipo ife tinkavina kuti zigawenga zathawa.

Mu 1994, dziko litabwerera ku zipani zambiri, mkazi wake, mayi Catherine Chipembere, anabwera kumudzi atakhala kunja zaka pafupifupi 30, ndipo anthu a ku Mangochi anawasankha kukhala phungu. M'banja limodzi, bambo, mwana ndi mkazi wa mwanayo, onse analowapo m'nyumba ya malamulo, aliyense pa nyengo yake. Msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, umene unkatchedwa Kamuzu Highway, unapatsidwa dzina la Masauko Chipembere. Mbiri ya moyo wake imene analemba yekha, koma osaimaliza, inasindikizidwa ndi a Kachere pa mutu wakuti Hero of the Nation. Mmodzi wa ana ake, amene anatenga dzina la Masauko, ndi woimba wodziwika.

Pa benchi paja ndinayesa kumuona m'maganizo munthuyu akukwera chitunda chimenechi ndi mabuku m'manja, thupi litatha ndi shuga, akukalowa m'kalasi kukafotokozera ana a ku America za Africa. Munthu amene mawu ake ankagwedeza Gavanala, amene anthu ankayenda mitunda pansi kuti akamumve, tsopano akuchonga mayeso kuti ana ake adye. Kuno munthu wachilendo amasungulumwa ngakhale ali pakati pa anthu mamiliyoni. Ine ndili ndi tikiti yobwerera m'chikwama, koma ndikumva kale kulemera kwake. Iye analibe tikiti. Ndipo uthenga wa imfa yake utafika kwathu, panalibe amene akanalira poyera.

Mdzukulu wanu anamvetsera zonsezi mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti, "Nanga agogo a kumudzi anali mbali iti?" Ndinamuuza kuti funso limenelo adzakufunseni yekha, poti mwini nkhani alipo. Ndiye ndikupempheni, amalume. Inu munali mnyamata wamkulu kale mu 1964. Munamva pa wailesi nduna zikuchotsedwa, munaona amene anasowa m'midzi yathu ndi amene anabwera kudzafunsa makadi a chipani, mukudziwa mmene malo a kuseri kwa dambo aja anapitira. Ndikabwera ndidzafuna tikhale pansi, mundiuze zonse mwadongosolo, ine ndizilemba, mayina a anthu tidzawasiya ngati mungafune. Muwauzenso anyakwawa ndi amayi achikulire aja a kutsidya, chifukwa azimayi anaona zambiri zimene amuna sanazione. Mwanayu wati adzabwera nane pa tchuthi chake kuti adzamve ndi makutu ake.

Mupereke moni kwa onse pamudzipo, makamaka kwa achemwali anu, mayi anga. Muwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndagula.

Ndine mphwanu,
wa ku Los Angeles